Simbi Ziwiri Pansi pa Sutikesi

Mabutweni, Lachitatu masana

Lusiya mwana wanga,

Ndikulemba ndili pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba, iwe uli m'kati, wagona choyang'ana kukhoma monga wakhala ukuchitira miyezi yonseyi. Dzuwa likadali pamutu, anzako akuyanika zovala, iwe wafunda bulangete. Sindikukudzudzula ayi, ndikungonena zimene maso anga akuona. Mawa ukwera sitima ya ku Wankie, kapena nditi Hwange poti mayina akusintha masiku ano ndipo lilime langa lokha ndilo latsalira, ukakhale ndi mwamuna wako Alifeyo kumigodi ya malasha. Zimene zili kukhosi kwanga sindingazinene pasiteshoni. Pali phokoso, komanso ndimadzidziwa, ndikangotsegula pakamwa misozi ndiyo imayamba kulankhula. Ndalemba m'chilankhulo cha kwathu. Ndikudziwa kuti umachimva chonse, koma poyankha umathawira ku Sindebele ngati mbuzi yoona mvula. Werenga pang'onopang'ono, ulendo ndi wautali.

Uli ndi pakati pa miyezi isanu. Thokozile wako tinamuika kumanda a ku Luveve chaka chatha, asanamere n'komwe mano. Chichokereni kumandako sunayendepo mtunda wopitirira pampopi, ndipo chiyambireni mimba iyi ngakhale pampopipo sufika. Anesi a kusikelo atabwera kudzakuona pakhomo pano anakuuza kuti uziyenda, uzitambasula thupi, iwe unangonditembenukira n'kuti, "Ngiyesaba, mama." Ukuopa kuti ukagwedezeka uyunso achoka. Mantha akowo ndikuwamva. Koma anga ndi ena. Ndikuopa kuti ukafika ku Hwange, kumene kulibe wokudziwa, ukayala mphasa n'kugona mpaka thupi litheretu, tsiku lochira likupeze ulibe mphamvu yokankhira mwana, ngakhale yomunyamulira. Njira imeneyo ndikuidziwa chifukwa ndinaiponda ine.

Mlongo wako Mateyu sumukumbukira bwino, unali ndi zaka zinayi. Iye anali ndi ziwiri, kamnyamata kolemera ngati thumba la mchenga, kokonda kunyamulidwa kuposa kudya. Akandiona ankangokweza manja m'mwamba, osalankhula kanthu. Chikuku chinamugwira nthawi ya fumbi, tinapita naye kuchipatala cha matenda opatsirana ku Thorngrove, ndipo komaliza kumuona wamoyo ndinamuonera pawindo. Anali m'kabedi ka zitsulo, atakweza manja. Ine ndili panja, galasi lili pakati. Patatha masiku atatu tinakamuika ku Luveve komweko.

Amayi a kwathu, a Chinyasa anzathu a muno m'Mabutweni ndi ku Mpopoma, anandichitira zabwino zonse zimene ankadziwa. Anandiyalira mphasa pakona, anandifunditsa, anandimeta, n'kunena kuti, "Mfedwa sagwira kanthu, gonani, ife tilipo." Mwambowo ndi wabwino, mwana wanga, koma uli ndi masiku ake. Kumudzi masiku akatha azakhali ako amakudzutsa, amakupatsa khasu, munda sudikira misozi. Kuno kutauni kunalibe munda, kunalibe azakhali. Amayi aja anabwerera kunyumba zawo mmodzimmodzi, poganiza kuti ndadzuka, ndipo panalibe anakumbukira kunena kuti "basi, dzukani." Ine ndinangogona miyezi itatu. Bambo ako akachoka kuntchito kwawo kunjanji ankaphika okha, n'kukhala pampando kundiyang'ana, kuopa kundikhudza ngati ndine dzira.

Masiku amenewo sindinkadziwa malire a tulo ndi maso. Denga la malata linkayandama, likwere, litsike. Sitima zikalira ku Mpopoma ndinkamva ngati zikudutsa pansi pa mphasa yanga. Ndipo Mateyu ankabwera. Ndikangotseka maso, ndi uyo waima pakati pa msewu wodzaza maluwa ofiirira aja amayoyoka m'tauni mwezi wotentha, maluwa mpaka m'maondo mwake, manja m'mwamba. Ndimawerama, ndimugwira m'khwapa, ndikoka, koma manja anga ali lende ngati nsalu yonyowa. Iye osalira, kungodikira. Ndimadzuka mtima ukupweteka, n'kutsekanso maso msanga kuti ndikayesenso. Ndinkaganiza kuti ndikagona kwambiri ndiye ndikhala naye pafupi. Uko ndiko kulakwa kwanga koyamba, ndipo amene anatsala pang'ono kukulipira ndiwe.

Tsiku lina masana chitseko chinatseguka popanda odi. Anali MaNdlovu, uja wa nyumba yachitatu, amene ankachapa ndi kusita kwa azungu. Unkamuopa chifukwa cha mawu ake aakulu. Anakubereka kumsana, miyendo yako yoyera mbuu ndi fumbi. Anakupeza ukuyenda pakati pa njanji, wekha, ukuti ukufuna bambo ako akupatse buledi. Anakutsitsa patsogolo pa mphasa yanga n'kunena mosakaniza ndi Sindebele kuti, "NakaLusiya, vuka, dzuka! Nyamula mwana wako."

Ndinati, "MaNdlovu, ndikudwala."

Iye anati, "Hatshi, ayi, sukudwala wena, wagona. Uja ali ku Luveve sitima singamugunde. Lo, uyu apa, imugunda. Nyamula."

Ndinadzuka, dziko likuzungulira. Iwe unakweza manja, monga momwe ankachitira mlongo wako. Ndinakugwira m'khwapa, ndinakoka, ndipo unangochoka pansi pang'ono, tonse awiri tinagwera pamphasa. Mwana wa zaka zinayi, wowonda ndi njala, anandikanika. Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo moyo wanga wonse, ndipo ndinalira kulira kwenikweni, kopambana kwa pamanda. Iwe unkandipukuta misozi ndi dzanja lafumbi. Izi sindinakuuzepo. Ndikhululukire, Lusiya.

M'mawa mwake MaNdlovu anabwera ndi simbi ziwiri, zija zachitsulo chokhachokha zotenthetsa pa sitovu, zimene dona wake anataya atagula yamagetsi. Ndinayesa wandibweretsera zosita. Anandikokera kuseri kuno, pamene ndakhala pompano, mtengo uno uli kamtengo. Anandipatsa simbi imodzi dzanja lililonse, zozizira, n'kuti, "Phakamisa, kweza. Kufika paphewa, utsitse. Kancane kancane, pang'onopang'ono." Ndinakweza kanayi, mikono inayamba kunjenjemera. Anati, "Basi, mawa kasanu." Kenaka anandiuza ndigwire tsinde, ndinyonyomale ngati ndikukolezera moto, ndiimirire, ndinyonyomalenso. Ndinamufunsa kuti mankhwala amenewa anawaphunzira kwa sing'anga uti. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati dona wake ankachita zotere pakapinga ndi anzake, nyimbo ikulira, iye akuwaseka mumtima kuti anthu osowa ntchito amadzipangira yotopa nayo. Koma iye MaNdlovu, mwamuna wake atafera mumgodi, tulo titamuthawa, anayesa mobisa m'chipinda chochapira, n'kupeza kuti azungu aja pena sanali opusa.

Ine ndinamutsutsa. Ndinati ife akazi akuda timanyamula kale, mitolo ya nkhuni, ndowa, mabafa a zovala, tifunanso zitsulo zanji? Yankho lake ndalisunga mpaka lero. Anati, "Ndowa umanyamulira anthu, uli wothamanga, msana wopindika, ndipo imakudya. Ichi ukunyamulira wena, iwe mwini, msana woongoka, ukupuma bwino, ukatopa usiya. Ichi chimabweza zimene ndowa yadya." Kumbukira zimenezo, mwana wanga. Apongozi ako akadzati ntchito zapakhomo n'zokwanira, uwayankhe mwaulemu, koma simbi usasiye.

Sindikunamiza kuti chisoni chinatha. Chisoni sichituluka ndi thukuta. Koma chinasamuka. Poyamba chinali thupi lonse, kenaka chinatsala pachifuwa pokha, miyendo ndi mikono zinabwerera kwa ine. Njala inabwera. Tulo tinabwera pa nthawi yake, osati masana. Ndinayamba kumva fungo la buledi m'mawa, ndinaona kuti tsitsi lako lapota ndipo palibe analipesa. Patapita milungu ingapo MaNdlovu anati Lamlungu tipite kwa Mateyu, osati pabasi, wapansi. Kuchoka kuno kufika ku Luveve ukukudziwa kutalika kwake. Tinanyamuka kusanatenthe, tinapuma kanayi. Mphepo inkaweramitsa udzu wouma mbali zonse, kutali kumbuyo kwathu nsanja za magetsi zikufuka nthunzi, ndipo ine ndinkamva ngati sindikuyenda, msewu ndiwo ukundisenza. Titafika sindinagwe pansi monga ndinkaopera. Ndinazula udzu pamanda, ndinamuuza mwana wanga kuti ndabwera ndi miyendo yanga.

Tsiku limene ndinafika makumi atatu ndi simbi zija, ndinakupeza ukusewera pakhonde, ndinakunyamula mpaka pamwamba pa mutu wanga. Unakuwa, "Amayi, ndigwa!" koma ukuseka. Ndipo nditagona Mateyu anabwera m'maluwa muja, manja m'mwamba. Ndinawerama, ndinamugwira, anabwera. Ndinamva kulemera kwake konse pachifuwa, kafungo ka m'mutu mwake, timiyendo tikundimenya m'nthiti. Ndinayenda naye msewu wonsewo, maluwa akuphwanyika kumapazi, osakumana ndi munthu. Ndinadzuka mikono ili yotopa ngati ndanyamuladi.

Tsono imva chodabwitsa. M'maloto Mateyu amakula. Chaka chilichonse amabwera wamkulupo, wolemerapo, kabudula wafupika. Ndiye ine ndinkawonjezera, simbi ziwiri dzanja limodzi, kenaka ndowa yodzaza mchenga, kuti akabwera asandipeze wochepekedwa. Useke ngati ukufuna. Bambo ako anaseka nditawauza, kenaka anatuluka panja n'kukhalitsako.

Koma mayi ako ndi munthu wopitiriza muyeso, ukundidziwa. Nditatenga mimba ya mng'ono wako Estere sindinasiye. Ndinkayenda m'mawa uliwonse, ndinkanyonyomala nditagwira tsinde, simbi ndinkakweza ndili chokhala pampando mimba itakula. Msana sunandivute ngati pa mimba ya iwe, ndipo tsiku lochira azamba anati, "Mayi awa ali ndi mphamvu ya ng'ombe." Mawu amenewo anandikwera m'mutu. Patangotha milungu iwiri, mwana asanatuluke bwino m'chikuta, ndinafuna kuonetsa anthu kuti ine ndi ng'ombedi. Ndinanyamula bafa lodzaza madzi kuchoka pampopi. Pakati pa bwalo ndinamva kanthu kakuduka m'munsi, magazi anatsika mpaka kumapazi, ndinakadzidzimukira kuchipatala. Miyezi yambiri pambuyo pake ndikangotsokomola kapena kuseka, madzi ankatuluka okha. Ndikukuuza zamanyazizi kuti iwe usazione. Anesi ndiwo anandiphunzitsa kumanga minofu ya m'munsi ngati ukugwira mkodzo, kuwerenga mpaka kasanu, kumasula, kangapo patsiku, ndipo zinathandiza. Zimenezo ukhoza kuyamba ngakhale m'sitima mawa, palibe adziwe. Ukadzachira, upume kaye. Uyambe ndi kuyenda m'nyumba, kenaka pabwalo, simbi zidikire mpaka a kusikelo atakuona n'kuvomera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo ngakhale tsopano, ndi mimba imeneyi, sindikuti ukasanduke ng'ombe. Ukangofika ukalembetse sikelo, ukawauze anesi za Thokozile, ukawaonetse simbizo, uwafunse zimene zikuyenera thupi lako. Akati yenda kokha, yenda kokha. Usagwire mpweya pokweza, tulutsa. Ngati sungathe kulankhula uku ukuchita, wapitiriza. Ukamva chizungulire, kupweteka m'mimba, kapena ukaona dontho la magazi, siya pomwepo upite kuchipatala, osadikira Alifeyo aweruke. Ku Hwange kumatentha koopsa, ndiye uziyenda m'mawa dzuwa lisanakwiye, botolo la madzi m'manja. Kancane kancane, monga ankanenera malemu MaNdlovu.

Anthu adzalankhula, zimenezo usakayike. Ine amayi a Lachinayi a kutchalitchi kwathu ananditumira anthu. Wina anandisuzumira pampanda mbandakucha ndikukweza zitsulo kumwamba, milomo ikugwedera, poti ndinkawerenga, ndiye nkhani inayenda kuti NakaLusiya wapenga, ena akuti akukhwima, akuitana mwana wake wakufa. Anabwera atatu, mayunifolomu ochapa bwino, n'kukhala pampando wa bambo ako. Wamkulu wawo anati, "Mayi, mkazi wa mwini sachita za anyamata a nkhonya. Manja akauma ngati a mwamuna, bambo akayang'ana kwina musadzalire." Ine kupusa, ndinamvera. Ndinaika simbi pansi pa bedi chaka chathunthu. Ndipo mdima uja unabwerera mwakachetechete, ndinayambanso kugona masana, Mateyu akabwera ankandikanikanso. Anazitulutsa ndi bambo ako. Anaziika pakhomo m'mawa popita kuntchito n'kungoti, "Amake Lusiya, zachita dzimbiri izi." Mawu ambiri sanali awo, Mulungu awasunge kumene ali. Wamkulu wa amayi uja, chaka chatha chomwechi, anabwera kudzandinong'oneza kuti mawondo amuvuta, ndimuphunzitse zonyonyomala zija. Ndinamuphunzitsa, koma ndinayamba ndamupatsa tiyi wozizira.

Ndiye ukakhazikika, ufunefune mnzako mmodzi. Pakomboni sipasowa mkazi wa chisoni kapena wa mimba. Usadikire wa kwathu, MaNdlovu sanali wa kwathu. Mugogodane m'mawa, muyende limodzi, tsiku limene iwe ulibe mtima iye akukoke, tsiku lake umukoke ndiwe. Masiku ano dziko ndi lathu, akutero pawailesi, misewu ija tinkadutsa chowerama ndi mitolo ya zovala za eni tikhoza kuyendamo manja ali m'thumba. Ine za ndale sindizidziwa. Ndingodziwa kuti thupi lako ndi lako, uliyendetse.

Tsopano ndifike pa kulakwa kumene kwandilembetsa kalatayi, chifukwa enawo ndi akale. Thokozile atamwalira, ine amene ndikudziwa zonsezi, ndinakuyalira mphasa pakona yomwe ija. Ndinakufunditsa bulangete. Masiku a mwambo atatha sindinati "dzuka." Ukafuna kutenga tsache ndinkakulanda, ukafuna kutunga madzi ndinkati, "Gona, mwana wanga, ine ndilipo." Anesi atanena zoyenda, ndine ndinayankha m'malo mwako kuti, "Ngwofooka uyu, musiyeni." Ndinkadziuza kuti ndi chikondi. Zoona zake n'zakuti ndinkasangalala kukhala wamphamvu m'nyumba muno, kukunyamulira chilichonse, ngati ndikubweza miyezi itatu ija ndinakusiya ndi njala. Mphamvu zanga zinakudyera zako. MaNdlovu akanakhala moyo akanandithira mbama, ndipo ndikanayenera.

Maso anga anatseguka Lamlungu lapitali, ndikukuluka tsitsi. Mutu uli pamaondo anga, unalankhula m'chilankhulo cha kwathu, mawu akupunthwa. Unati, "Amayi, Thoko amabwera ndikagona. Amafuna ndimutenge. Koma manja anga amakana."  Ndinangopitiriza kuluka, mzere unakhota, unadandaula kuti ndakukoka. Ine za maloto anga sindinakuuzepo n'kamodzi komwe, koma unanena ngati unali momwemo.

Ndiye mawa Alifeyo akadzanyamula sutikesi yako n'kuyamba kudandaula kuti mwaikamo miyala, umusiye adandaule, ndi mwamuna wa mumgodi. Iwe usaikhudze. Pansi penipeni, m'chitenje changa chobiriwira, muli simbi ziwiri za MaNdlovu. Ndazipala dzimbiri ndi mchenga, ndazipaka mafuta, zogwirira ndazikulunga nsanza kuti zisakutupitse manja. Uyambe ndi imodzi, manja onse awiri, uli chokhala. Kanayi. Mawa lake kasanu.

Usade nkhawa kuti ine nditsala ndi chiyani. Mateyu tsopano ndi mnyamata wa zaka makumi awiri ndi mphambu, wamtali kuposa bambo ake, ndevu zayamba. Zaka zapitazi ndinkangomutukula pang'ono, mapazi ake achoke pansi, tonse tiseke. Koma atabwera Lamlungu lomwe lija, m'msewu wathu wa maluwa, sanakweze manja. Ndinawerama mwachizolowezi kuti ndimugwire, iye anapukusa mutu. Anandigwira m'khwapa ndi manja aakulu ofunda, n'kundikweza. Ndinaona madenga onse a Mabutweni, njanji ikunyezimira, utsi wa sitima ukupita kumpoto. Ndinakuwa kuti, "Mateyu, ndigwa!" koma ndikuseka. Ndinadzuka thupi lili lopepuka, ndipo ndinadziwa kuti simbi zija zatsiriza ntchito yake kwa ine.

Thokozile wako akadali kakhanda, Lusiya. Sakulemera n'komwe ngati simbi ziwirizo. Sadzatopa kudikira, ana a kumeneko satopa, koma winayo ali m'njira ndipo iye sadikira, adzafuna mikono tsiku lomwelo. Ukhale nayo ya onse awiri.

Dzuwa lapendeka, mthunzi wa mtengo wafika pakhoma. Ndipinda pepalali ndiliike m'chikwama chako, ukaliwerengere m'sitima. Kenaka ndilowa, ndikuchotsa bulangete, ndikuuza mawu amene ndachedwa nawo chaka chathunthu. Ukwiya, ndikudziwa. Tiyenda mpaka pampopi basi, n'kubwerera.

Ndine mayi ako, amene unamukanika kamodzi kokha,

NakaLusiya